Gin wa zipatso ndi zitsamba pa macheza a nyengo yozizira: njira zisanu, musankhe iti?

Chiperoni chikatsika kuchokera ku Mulanje ndi Thyolo n'kudzaphimba Limbe, dzuwa osaoneka masiku atatu, macheza amachoka pakhonde n'kulowa pabalaza. Aliyense amabwera atavala juzi, ena mpaka chipewa cha ulusi, ndipo botolo la mowa lochokera mu filiji silikopanso munthu: ukaligwira zala zimachita dzanzi. Nyengo imeneyi ndi yomwe ine ndimatulutsa gin, makamaka pa tchuthi cha pa 6 July pamene abale a ku Lilongwe ndi ku Zomba amadzadza nyumba.

Mwayi wake ndi wakuti June ndi July ndi miyezi ya zipatso zomwe zimayenda bwino ndi gin. Manachesi a ku Mwanza amakhala mbwee m'misika ndi m'mbali mwa msewu, malalanje ndi mandimu atsika mtengo, malambe auma, masau a ku Chikwawa ndi Nsanje ayamba kufika m'mabeseni, chidede chouma chili kale m'timapepala. Gin ndi mowa wotcheza womwe fungo lake lalikulu limachokera ku tizipatso ta mtengo wa juniper, fungo longa la paini, ndipo ambiri amawonjezeramo njere za coriander ndi makoko a mandimu kapena malalanje. N'chifukwa chake amalandira bwino zowawasa ndi zitsamba zonunkhira monga rosemary, minti ndi jinja. Abale athu a ku Johannesburg ndi ku Harare ali m'chisanu miyezi yomweyi. A ku Britain chisanu chawo chimagwa pa Khirisimasi, ndipo ndiziwatchula pomwe zinthu zikusiyana.

Njira zisanu zili m'munsizi ndazipangapo zonse, ndipo zonse zimakoma. Chomwe chimandisankhitsa ine ndi anthu amene adzakhale m'nyumbamo. Pa macheza a kwathu kuno sipalephera kukhala osamwa: amayi a mvano, mnzanu wachisilamu, woyendetsa galimoto, mlongo woyembekezera, ndi ana othamangathamanga pakati pa miyendo ya akuluakulu. Njira yoiwala anthu amenewa imakusiyani ndi theka la alendo atagwira Fanta wofunda pakona.

Zoyezera

Njira iliyonse ndiyiyeza pa zinthu zinayi izi.

Mtengo. Mitengo ya m'sitolo ikusintha mwezi ndi mwezi, choncho werengani matoti osati makwacha. Toti ndi 25 ml. Botolo la 750 ml lili ndi matoti 30, la 700 ml lomwe amagulitsa ku Britain lili ndi 28. Kenako onjezerani zotsagana nazo, chifukwa nthawi zambiri ndi zimenezo zomwe zimaboola thumba mwakachetechete.

Kupezeka. Kodi zofunikazo mungazipeze pamsika wapafupi, kapena mpaka mukwere minibasi kupita ku sitolo yaikulu m'tauni?

Ntchito ndi kasungidwe. Ntchito yake imagwa liti: sabata isanafike, masana a tsikulo, kapena alendo ali kale pampando? Nanga magetsi akathima, chingapirire?

Zoopsa. Gin wambiri ali ndi mphamvu ya pakati pa 37.5 ndi 47 peresenti, pamene mowa wamba wa m'botolo uli cha m'ma 5. Toti imodzi ya gin wa 40 peresenti ili ndi 10 ml ya mowa weniweni, ndipo chiwindi chimatenga pafupifupi ola lathunthu kuti chithane nayo. Njira iliyonse ndiyiyeza pa funso ili: kodi wakumwayo akudziwa kuchuluka kwa zomwe wamwa?

Chenjezo limodzi likhudza njira zonse. Gulani gin pamalo odziwika, muone kuti chotsekera sichinatsegulidwepo. Botolo lotsika mtengo modabwitsa lisiyeni. Mowa wachinyengo nthawi zina umakhala ndi methanol, yomwe imachititsa khungu ngakhale kupha, ndipo zipatso ndi shuga zimabisa kukoma kwachilendo komwe kukanakuchenjezani. Komanso mlendo amene akumwa Flagyl asakhudze mowa mpaka patapita masiku awiri atamaliza mankhwalawo.

Njira yoyamba: kusakanizira m'tambula, mmodzimmodzi

Uyu ndi gin ndi tonic wodziwika uja, yemwe m'malo ogona alendo kunyanja amangoti MGT akakhala wa Malawi Gin, kungoti tamuveka zovala za chikondwerero. Dzazani tambula ndi ayezi, thirani toti imodzi kapena ziwiri, kenako tonic 150 mpaka 200 ml. Finyirani kagawo ka nachesi, mupotoze khoko lake pamwamba pa tambula kuti timafuta take tiwazikire mkati, ndipo muponyemo kanthambi ka rosemary komwe mwakaomba kamodzi m'manja kuti fungo lidzuke.

Mtengo. Tonic ndiye amadya ndalama. Botolo limodzi la gin likatulutsa matambula 15 a matoti awiriawiri, mufunika tonic 15 wa timabotolo kapena tizitini. Botolo lalikulu la tonic limatsikirako mtengo, koma likatsegulidwa mpweya umathawa ndipo omaliza amamwa madzi owawa chabe.

Kupezeka. Gin simusowa m'tauni iliyonse. Tonic ndiye amavuta mukachoka m'mizinda ikuluikulu. Rosemary musagule kawiri: dulani kanthambi kwa mnansi, mukabzale m'chitini pakhonde, kamagwira msanga ndipo sikafuna madzi ambiri.

Ntchito ndi kasungidwe. Palibe chokonzeratu kupatula ayezi, koma ntchito yonse imagwa alendo atafika. Anthu akapitirira asanu ndi mmodzi, mwininyumba amathera usiku wonse ali chiimire patebulo, nkhani zonse kumangozimvera patali. Ndipo njirayi imadalira ayezi kotheratu. Magetsi akathima masana, mwagwira njakata.

Zoopsa. Pa nkhani ya kuledzera iyi ndi njira yoonekera poyera, bola muziyeza ndi kachoyezera, osati ndi maso, chifukwa dzanja limalemera usiku ukamapita. Ayezi apangidwe ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Kuzizira sikupha tizilombo, gin wa m'tambula naye sapha, ndipo tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023. Maphikidwe ambiri a pa intaneti amati muikemo grapefruit. Chipatso chimenechi chimasokoneza mankhwala ena a BP ndi a mafuta a m'magazi, choncho pomwe pali achikulire nachesi ndi wabwino. Zoti tonic amateteza malungo ziiwaleni: kwinini wa m'menemo ndi wochepa kwambiri, wongopereka kuwawa.

Cholakwika chake chachikulu n'chodziwikiratu. Ndi chakumwa chozizira pa usiku wozizira, ndipo ena amangolawa kamodzi n'kufunsa ngati tiyi alipo.

Njira yachiwiri: jagi yaikulu ya onse

Apa mumasakaniza kamodzi basi. Muyezo womwe ine ndimatsata ndi uwu: gin 500 ml, madzi a manachesi kapena malalanje ofinya lita imodzi, madzi a mandimu 150 ml, shuga wosungunula m'madzi 200 ml, ndi soda lita imodzi yomwe imalowa pomaliza penipeni. Pamwamba payandame timagawo ta malalanje, minti ndi rosemary. Amene ali ku Britain angaponyemo tizipatso tofiira towawasa ta cranberry ndi njere za makangaza, zomwe zimadzadza masitolo mu December.

Mtengo. Pa tambula iliyonse iyi ndi yotsika mtengo m'nyengo ya manachesi. Muyezo uli pamwambawu umatulutsa malita osakwana atatu pang'ono, matambula 11 a 250 ml, ndipo botolo la gin limatsalako matoti 10.

Kupezeka. Zonse n'za pamsika kupatula soda. Musalowetse Sobo m'malo mwa zipatso zofinya: shuga wake amaphimba juniper yense, ndipo ndalama ya gin imakhala yapita pachabe. Mukafuna kuwawasa kwa kwathu, nyikani malambe m'madzi ofunda, musefe bwino ndi kansalu, muthiremo kapu imodzi. Chakumwacho chimachita mbuu ngati thobwa lopyapyala, koma kukoma kwake kumadabwitsa anthu.

Ntchito ndi kasungidwe. Kufinya lita ya manachesi ndi manja si masewera, pamafunika mulu ndithu ndi munthu wokuthandizani. Finyani tsiku lomwelo, chifukwa madzi a malalanje ndi mandimu akagona amayamba kuwawa kosasangalatsa. M'malo mwa tiayezi ting'onoting'ono, umitsani madzi m'kontena ya pulasitiki kuti mukhale ndi chibuma chimodzi chachikulu. Chimasungunuka pang'onopang'ono ndipo sichisukulutsa jagi. Zotsala sizisungika: mawa lake minti imakhala yada, soda yafa.

Zoopsa. Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa ndinaziona ndi maso. Jagi ya muyezo uwu ili ndi mphamvu ya pafupifupi 7 peresenti, kuposa mowa wa m'botolo, ndipo tambula imodzi ili ndi matoti osakwana awiri pang'ono. Koma pakamwa imamveka ngati juwisi. Chaka china alamu anga anafika mochedwa, atazizidwa, ali ndi ludzu la ulendo. Anaona jagi ya chikasu patebulo, malalanje akuyandama, anadzithirira. Pomwe ndinkatuluka kukhitchini ndi mbale ya nyama n'kuti ali pa tambula yachitatu, akuyamikira kuti juwisi wa chaka chino wakoma. Anali atamwa matoti asanu m'mphindi zosakwana makumi atatu, ali ndi makiyi a galimoto m'thumba komanso ana awiri oti abwerere nawo ku Zomba usiku womwewo. Achemwali anawalanda makiyi, tinayala matiresi pabalaza, onse anagona konkuno. Palibe chinaonongeka, koma mtima wanga sunakhazikike sabata yonse, chifukwa jagiyo ndinaisiya ndine popanda chizindikiro.

Mukasankha njirayi, matani pepala lolembedwa kuti muli mowa, jagi ikhale pamalo okwera pomwe mwana sangafike, ndipo pakhale munthu mmodzi wothirira anthu. Jagi yodzithirira wekha pa nyumba ya ana ine ndinaisiya.

Njira yachitatu: gin wotentha

Ambiri amadabwa akamva zotenthetsa gin, koma ku England akhala akumwa gin wotentha wa mandimu ndi zonunkhiritsa kuyambira kalekale, ndipo pa usiku wa chiperoni palibe chomuposa. Thirani mu poto lita imodzi ya juwisi wa maapozi ndi kapu ya madzi. Ikanimo jinja wodula wotalika ngati chala chachikulu, timitengo tiwiri ta sinamoni, ma clove asanu ndi limodzi ndi khoko la lalanje. Zitukutire pamoto wochepa mphindi 15. Phulani, mulawe, muwonjezere uchi ndi ndimu mmene mukufunira. Gin asalowe mu poto. Thirani toti imodzi m'kapu ya munthu aliyense, kenako zotenthazo pamwamba.

Chifukwa chake n'chakuti mowa umawira pa madigiri 78, madzi asanafike powira, ndipo fungo la juniper limathawa ndi nthunzi. Kuthira m'kapu kumathandizanso kuti poto akhale wa aliyense, womwa ndi wosamwa.

Mtengo. Gin amapita pang'ono chifukwa chotentha munthu amamwa mopsontha, ndipo toti imodzi imamveka mokwanira. Juwisi wa maapozi ndiye wodula popeza wambiri amachokera kunja. Njira yotchipa, yomwe ine ndimaikonda kuposa ya maapozi, ndi tiyi wakuda wa ku Thyolo kapena Mulanje wosapsa kwambiri, wothira madzi a malalanje, uchi ndi jinja wambiri. Masamba a tiyi asakhalitse kupitirira mphindi zinayi, apo ayi amakhakhala pakamwa.

Kupezeka. Jinja, mandimu ndi uchi zili ponseponse. Sinamoni wa timitengo ndi ma clove mumazipeza m'masitolo a zonunkhiritsa ku Limbe kapena ku Area 2 ku Lilongwe. Sinamoni wa ufa amagwira ntchito koma amasiya matope pansi pa kapu. Lemongrass yemwe ambiri tili naye kuseri kwa nyumba amalowa bwino kwambiri.

Ntchito ndi kasungidwe. Njira iyi sifuna ayezi kapena filiji. Mbaula ikwanira. Mukaphika, thirani mu fulasiki ziwiri ndipo zikhala zotentha mpaka alendo atapita. Lita ndi kapu zimapatsa makapu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Gwiritsani makapu a tiyi, chifukwa tambula yagalasi yozizira imasweka ikalandira zotentha.

Zoopsa. Ziwiri, ndipo zonse n'zobwera ndi kuzizira. Choyamba, mowa umanamiza thupi. Umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kutentha pamene thupi likutaya kutentha kwake. Mlendo amene wamwa makapu atatu n'kunena kuti juzi sakuifunanso, ayenda wapansi kapena akwera kabaza usiku, mumuveke juziyo. Chachiwiri ndi mbaula. Kukazizira timakonda kuilowetsa m'nyumba n'kutseka mazenera. Makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo kapena mtundu, ndipo zizindikiro zake zoyamba, mutu, chizungulire ndi tulo, n'zofanana ndendende ndi kuledzera. M'chipinda momwe anthu akumwa palibe amene angazindikire. Mbaula ikhale pakhonde. Ndipo musaganize kuti poto yemwe mwathiramo gin n'kuwiritsa wasanduka wa ana: mowa wina umatsalabe.

Njira yachinayi: gin wonyikamo zipatso

Iyi ndi ya anthu oleza mtima. Mumaika zipatso kapena zitsamba m'botolo la kukamwa kwakukulu, kuthira gin mpaka zonse zitamira, kutseka, n'kudikira. Ku Britain mwambo wake ndi sloe gin. Mu October ndi November anthu amathyola tizipatso takuda ta mtengo waminga wa blackthorn m'mipanda ya m'minda, amatiboola kapena kutigoneka mu firiza kuti khungu ling'ambike, n'kutinyika pafupifupi theka la kilogalamu mu lita ya gin pamodzi ndi shuga. Pofika Khirisimasi gin amakhala wofiira ngati magazi. Kwathu kuno blackthorn kulibe, koma tili ndi zathu. Makoko a manachesi anayi mu 500 ml amafuna masiku awiri kapena atatu okha. Chidede chodzadza masupuni awiri aakulu chimafiiritsa gin usiku umodzi. Masau ouma, otsukidwa bwino, amafuna masabata atatu kapena anayi, ndipo amapereka kukoma kozama kotsekemera mowawasa komwe munthu wa ku Chigwa cha Shire amakuzindikira nthawi yomweyo.

Mtengo. Zonyikazo n'zotchipa, koma mukuika botolo lathunthu pachiswe. Mukalakwitsa, lonse lapita. Yambani ndi 250 ml. Musawononge gin wodula ngati Tanqueray kapena wa zitsamba za ku Cape monga Inverroche, chifukwa zipatso zidzaphimba chomwe munalipira. Malawi Gin, Gordon's kapena Gilbey's akwanira. Zipatso zimamwanso gin wina, choncho mudzatulutsa wochepa kuposa amene munathira.

Kupezeka. Zimatsata nyengo. Manachesi ndi masau ndi a miyezi yozizira yomweyi, kutanthauza kuti gin wa masau wa pa 6 July ayenera kunyikidwa kumayambiriro kwa June ndi masau ouma a chaka chatha, kapena mudikire wa mu August.

Ntchito ndi kasungidwe. Ntchito ndi yochepa koma yofuna kukumbukira. Botolo likhale loyera ndi louma, likhale mu kabati mopanda dzuwa, muzilikhutchumula tsiku ndi tsiku ndi kulawa kadontho. Makoko a lalanje muwasende mopyapyala, choyera cha mkati chisalowe chifukwa n'chowawa. Rosemary asagone mu gin kupitirira tsiku limodzi, akapitirira amamveka ngati mankhwala. Mukasefa ndi kansalu koyera, gin ameneyu amakhala miyezi yambiri popanda filiji, ndipo pa kasungidwe palibe njira yomuposa. Tsiku la macheza mumangothira toti, soda ndi ndimu.

Zoopsa. Chipatso chotuluka pamwamba pa gin chimachita nkhungu. Njere za mapichesi ndi ma plum musaziswe, zili ndi poizoni mkati. Zipatso za m'sitolo zochokera kunja zimakhala zopakidwa phula, zitsukeni ndi madzi ofunda. Chachikulu n'chakuti mowa umakoka mphamvu ya chitsamba kuposa mmene madzi amachitira, ndiye nyikani zokhazo zomwe mumadya kale kukhitchini. Mizu ndi makungwa a kutchire, ngakhale wina atakuuzani kuti n'zopatsa mphamvu, zisalowe m'botolo la alendo. Kumbukiraninso kuti gin ameneyu ndi wamphamvu pafupifupi ngati mmene analili, ngakhale akutsekemera. Ndipo kwa osamwa njirayi ilibe chowapatsa.

Njira yachisanu: manyuchi a chidede, jinja ndi rosemary

Iyi ndiyo ndimabwererako chaka ndi chaka. Kukoma konse kwa zipatso ndi zitsamba mumakuika m'manyuchi opanda mowa, ndipo gin amakhala payekha m'botolo lake.

Ikani mu poto kapu imodzi ya madzi ndi kapu imodzi ya shuga, mutenthetse mukutakasa mpaka shuga atasungunuka. Ponyanimo theka la kapu ya chidede chouma chotsukidwa, jinja wodula mopyapyala ndi khoko la nachesi. Mukangoponya chidede mudzaona timizere tofiira tikutuluka m'masamba aja n'kumayenda m'madzi ngati utsi, ndipo pasanathe mphindi ziwiri poto yense wasanduka wofiira moderako, nthunzi ikununkhira mowawasa mpaka pabalaza. Zitukutire mphindi zisanu, phulani, ndiye muikemo tinthambi tiwiri ta rosemary, muvundikire, mudikire theka la ola. Sefani, zizizire, muthire m'botolo lomwe mwalitsuka ndi madzi owira. Poto akhale wa enamelo kapena wachitsulo chosachita dzimbiri. Chidede n'chowawasa ndipo mu poto wa aluminiyamu chimatengako kukoma kwa chitsulo, mtundu n'kuzilala.

Pa tambula: manyuchi 20 ml, madzi a ndimu 15 ml, toti ya gin kwa wofuna, soda ndi ayezi. Kwa wozizidwa, manyuchi omwewo, ndimu, gin ndi madzi otentha m'kapu. Kwa apongozi ndi ena osamwa, zonse chimodzimodzi kupatula gin, m'tambula yokongola yomweyo, kanthambi ka rosemary kali pamwamba.

Mtengo. Kapu ya shuga ndi chidede cha ndalama zochepa zimatulutsa manyuchi a matambula pafupifupi 15. Madzi otentha ndi aulere. Gin amapita kwa okhawo omufuna, choncho botolo limodzi limafika patali pa gulu la anthu 20.

Kupezeka. Chidede chouma chimapezeka m'misika ndiponso m'masitolo ena m'mapaketi a tiyi wa hibiscus. Chimagwira ntchito yomwe cranberry amagwira m'maphikidwe a ku Ulaya, kufiira ndi kuwawasa, pa mtengo wochepa zedi. Ku Britain ndi ku South Africa chifunseni m'masitolo a anthu a ku West Africa ndi ku Caribbean. A ku Nigeria amachitcha zobo, a ku Senegal bissap, a ku Jamaica sorrel, ndipo kwa a ku Jamaica ndicho chakumwa chenicheni cha Khirisimasi, chothira jinja ngati chathuchi.

Ntchito ndi kasungidwe. Ola limodzi dzulo lake. Mu filiji manyuchi amakhala masabata awiri. Popanda filiji, m'nyengo yozizira, apangeni dzulo lake ndipo muwamalize m'masiku awiri. Mukachulukitsa shuga kukhala makapu awiri pa kapu ya madzi amakhalitsako, ndipo pothira muchepetse. Kusakaniza kumachitikabe tambula ndi tambula, koma n'kosavuta moti mutha kulemba muyezo papepala, kuika kachoyezera pambali, akuluakulu n'kumadzipangira okha.

Zoopsa. Shuga. Mu 20 ml muli pafupifupi masupuni aang'ono awiri ndi theka, choncho odwala matenda a shuga muwauze, muwathirire pang'ono ndi ndimu wambiri. Chidede chimatsitsako BP, zomwe amene ali pa mankhwala a BP ayenera kudziwa, ndipo amayi oyembekezera ndi bwino asachichulutse. Iwowa apangireni kabotolo kena ka jinja ndi khoko la nachesi kokha, kaphikidwe kake n'komweko. Vuto lina n'lakuti tambula ya mowa ndi yopanda mowa zimaoneka chimodzimodzi. Kwathu za gin zimakhala ndi kagawo ka ndimu pamlomo wa tambula, ndipo ana amamwera m'makapu awo apulasitiki. Manyuchi akayamba thovu kapena nkhungu, tayani. Chidede chimathimbiriranso nsalu, ndiye nsalu yoyera ya patebulo ija isungeni.

Ndiye musankhe iti?

Mukakhala anthu anayi kapena asanu, onse akumwa, magetsi alipo, musadzivutitse: gin ndi tonic wa nachesi ndi rosemary akwanira, ndipo nkhani simuziphonya.

Gulu la anzanu akuluakulu okhaokha, masana a dzuwa kunyanja kapena ku Lilongwe komwe kuzizira kumadikira madzulo, ndipo palibe woyendetsa galimoto, jagi ndi yabwino ndiponso yotchipa. Chizindikiro chimatidwe, wothirira akhale mmodzi, chakudya chiyambe kufika jagi isanatuluke.

Ku Dedza, ku Mzuzu, paphiri la Zomba, kapena paliponse pomwe chiperoni chagwira ndipo magetsi sakudalirika, pangani wotentha. Amene muli ku Manchester kapena ku Leeds mu December, alendo akulowa atanyowa ndi mvula yozizira, yambani ndi kapu yotentha pakhomo, zina zibwere pambuyo.

Wonyika ndi wa munthu amene ali ndi mwezi wathunthu patsogolo, kapena amene akufuna mphatso yopita nayo kwa alamu. Kabotolo ka gin wa masau, kolembedwa tsiku lomwe kananyikidwa, kamalandiridwa ndi manja awiri.

Koma ngati ndi macheza a banja monga ambiri athu amakhalira, agogo ali pa sofa, amalume abwera pagalimoto, azakhali achokera ku kwaya, ana ali ponseponse, phikani manyuchi. Pangani mabotolo awiri, lofiira la chidede ndi la jinja, muwiritse madzi odzadza fulasiki, mugule soda, mandimu khumi ndi botolo limodzi la gin. Manyuchi, soda ndi fulasiki zikhale patebulo pomwe aliyense afika. Gin akhale pamwamba pa kabati, kachoyezera kali pambali pake.